Adolphe Pinard: Dokotala Amene Anaphunzitsa Azamba Kumvetsera Mwana Asanabadwe

Mayi aliyense amene anayendapo sikelo ya amayi oyembekezera, kaya ku Simlemba, ku Kasungu boma kapena ku Malamulo, amakadziwa kachipangizo kooneka ngati kalipenga kamene azamba amaika pamimba n'kutsamiritsapo khutu. Kalibe batire, kalibe nthambo, ndipo magetsi akathima kamagwirabe ntchito. Kena kamakhala kamtengo, kena kachitsulo, kena kapulasitiki. Azamba amakatchula kuti fetosikopu, koma dzina lake lina ndi Pinard, ndipo ambiri sadziwa kuti limeneli linali dzina la munthu. Mwini dzinali anali dokotala wa ku France amene anamwalira mu 1934. Kalipengako ndi kagawo kakang'ono chabe ka ntchito yawo. Chimene a Pinard anathera moyo wawo wonse akulimbikira chinali chakuti mwana ayambe kusamalidwa akadali m'mimba, ndi kuti njira yomusamalira ndiyo kusamala mayi ake.

Ubwana ndi maphunziro

Adolphe Pinard anabadwa pa 4 February 1844 ku Méry-sur-Seine, katauni kakang'ono ka m'chigawo cha Aube, kum'mawa kwa mzinda wa Paris. Banja lawo silinali lolemera. Ali mnyamata anayamba wagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mankhwala, ndipo pambuyo pake anapita ku Paris kukaphunzira udokotala. Zaka zake za maphunziro zinakumana ndi nkhondo ya pakati pa France ndi Prussia ya mu 1870 ndi 1871, imene dziko la France linagonja. Kugonjako kunasiya nkhawa yaikulu m'dzikomo. Atsogoleri anaona kuti ku Germany anthu akuchulukana msanga, pamene kwawo ana obadwa ndi ochepa, ndipo mwa ochepawo ambiri akumwalira asanathe chaka. Nkhawa imeneyi inatsagana ndi a Pinard moyo wawo wonse, ndipo ndiyo inabala zabwino zambiri zimene anachita pamodzi ndi zina zimene lero sitingaziyamikire.

Mphunzitsi wawo wamkulu anali Stéphane Tarnier, dokotala wa pachipatala cha amayi chotchedwa Maternité ku Paris. Masiku amenewo kukachirira kuchipatala kunali koopsa kuposa kuchirira kunyumba, chifukwa matenda otentha thupi amene amagwira mayi akangochira ankasesa amayi ambiri m'mawodi. A Tarnier anaonetsa kuti matendawa amapatsirana, ndipo anachepetsa imfa kwambiri posiyanitsa amayi odwala ndi abwino komanso poumirira ukhondo. Iwo ndi amenenso anabweretsa m'chipatala bokosi lofunditsa ana obadwa masiku asanakwane, nzeru imene anaitenga ataona makina oswetsera mazira a nkhuku. Kwa mphunzitsi wotere, a Pinard anaphunzira kuti imfa zambiri za amayi ndi ana zili ndi chifukwa chimene munthu angachipeze n'kuchichotsa.

Mu 1874 anamaliza maphunziro polemba za mafupa a m'chiuno mwa amayi amene sanaumbike bwino. Nkhaniyi inali yofunika chifukwa m'mizinda ya ku Ulaya ana ambiri osauka ankakula osaona dzuwa mokwanira ndiponso osadya bwino, mafupa awo n'kupindika. Mtsikana wotere akakula n'kutenga pathupi, njira ya mwana imakhala yopapatiza, ndipo vutolo linkadziwika matenda atayamba kale, nthawi yothandiza itatha.

Manja asanafike khutu

Mu 1878 a Pinard anatulutsa buku limene linawatchukitsa, lofotokoza kayezedwe ka pathupi pogwiritsa ntchito manja pamwamba pa mimba. Lero zimenezi timaziona ngati zachizolowezi. Mayi amagona chagada, azamba n'kuyamba kupapasa pamwamba pa mimba, kenako m'mbali, kenako m'munsi. Koma nthawi imeneyo madokotala ambiri ankadikira mpaka matenda atayamba, ndipo ankadalira kuyeza kudzera kunjira ya mwana, kumene kunkalowetsa tizilombo m'thupi la mayi ngati manja sanasambidwe bwino. A Pinard anaika kapapasidweka m'ndondomeko yoti wophunzira aliyense angathe kuitsatira, ndipo analimbikira kuti mayi aziyezedwa miyezi yomaliza ya pathupi, matenda asanayambe.

Manja ophunzitsidwa bwino amadziwa zambiri. Amasiyanitsa mutu, umene ndi wolimba ndi wobulungira, ndi matako amene ndi ofewa. Amapeza mbali imene kuli msana wa mwana ndi mbali imene kuli timiyendo ndi timanja. Amadziwa ngati mutu walowa m'mafupa a m'chiuno kapena ukadali pamwamba, ngati mwana wagona mopingasa, ndiponso nthawi zina ngati m'mimbamo muli mapasa. A Pinard anaphunzitsanso njira yotembenuzira mwana amene watsogoza matako kapena wapingasa, pomukankha pang'onopang'ono ndi manja kunja kwa mimba kuti mutu uloze pansi. Njirayi ikugwirabe ntchito mpaka pano, koma imachitidwa ndi dokotala kuchipatala chachikulu, kumapeto kwa pathupi, mtima wa mwana ukumvetseredwa ndipo fiyeta ili pafupi. Kusisita mimba kumudzi pofuna kuwongola mwana kungathe kumatula nsengwa kapena kukola mwana ndi mchombo.

Manja omwewo amauzanso azamba za madzi amene mwana amakhalamo. Madziwa ali m'thumba lopyapyala limene kwathu timati nsupa. Amateteza mwana kuti asavulale mayi akagundidwa, amam'patsa malo otambasulira ziwalo, amasunga kutentha kofanana, amateteza mchombo kuti usapanikizike, ndiponso amathandiza mapapo kukhwima. Kuyambira pakatikati pa pathupi, gawo lalikulu la madziwa ndi mkodzo wa mwana yemweyo, ndipo iye amawamezanso, kotero amasinthika nthawi zonse. Amachuluka mpaka pafupifupi lita imodzi pofika mwezi wachisanu ndi chitatu, kenako amayamba kuchepa. Madzi akachuluka kwambiri, mimba imakula kuposa miyezi yake, imauma gwa, ziwalo za mwana zimavuta kuzipeza ndipo mtima wake umamveka patali. Zimenezi zimachitika mayi akakhala ndi matenda a shuga, pathupi pakakhala pa mapasa, kapena mwana akamalephera kumeza. Madzi akachepa, mimba imaoneka yaing'ono ndipo mwana amamveka ngati wapanikizidwa. Chifukwa chake chingakhale chakuti nsupa yabooka ndipo madzi akudontha, nsengwa yafooka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, masiku apitirira, kapena impso za mwana sizikugwira bwino ntchito. N'chifukwa chake azamba amayeza kutalika kwa mimba ndi tepi ulendo uliwonse n'kulemba m'kabuku ka kusikelo. Kuyambira sabata ya 24, masentimita a pa tepi amayenda pafupifupi limodzi ndi masabata a pathupi, ndipo akasiyana kwambiri mayi amatumizidwa kukaunikidwa.

Kalipenga

Woyamba kumva mtima wa mwana wosabadwa sanali a Pinard. Mu 1816 dokotala wina wa ku Paris, René Laennec, anatulukira chipangizo chomvera m'chifuwa cha wodwala. Mu 1818 François Mayor wa ku Geneva ananena kuti wamva mtima wa mwana atangoika khutu pamimba ya mayi. Mu 1821 mnzake wa Laennec, dzina lake Kergaradec, anaika chipangizo chija pamimba ya mayi woyembekezera pofuna kumva ngati madzi amachita phokoso mwana akamagwedezeka. Phokoso la madzi sanalimve. Anamva kugunda kofulumira konga kwa wotchi, ndipo anazindikira kuti kugundako kungathandize kudziwa ngati mwana ali moyo, ngati ali bwino, kapena ngati alipo awiri.

Chimene a Pinard anachita, cha m'ma 1895, chinali kukonza chipangizocho kuti chiyenerane ndi mimba. Chawo chinali chamtengo, chotalika pafupifupi masentimita 20, chokhala ndi kukamwa kotambalala koika pamimba ndi kambale kafulati koikapo khutu. Chifukwa choti ankaphunzitsa ophunzira ambiri, ena ochokera kumayiko akutali, kalipengaka kanafalikira pamodzi ndi dzina lawo.

Kagwiritsidwe ntchito kake kamasonyeza kuti manja ndi khutu zimayendera limodzi. Azamba amayamba apapasa kuti apeze msana wa mwana, chifukwa mtima umamveka bwino cha paphewa lake. Akaika kalipengako amatsamiritsa khutu n'kuchotsa dzanja kuti lisasokoneze phokoso. Ndi dzanja lina amagwira pamkono pa mayi kuti atsimikize kuti zimene akumvazo si kugunda kwa mtima wa mayiyo. Kenako amawerenga kwa mphindi yathunthu akuyang'ana wotchi. Mtima wa mwana amene ali bwino umagunda pakati pa maulendo 110 ndi 160 pa mphindi imodzi, pafupifupi kuwirikiza kawiri mtima wa munthu wamkulu. Ukatsika kapena kukwera kupitirira pamenepo n'kukhalitsa, ndiye kuti mwina mwanayo sakulandira mpweya wokwanira.

Nthawi imene khutu limafunika kwambiri ndi pamene matenda ayamba. Chiberekero chikakunga, magazi opita kunsengwa amachepa kwa kanthawi. Mwana wamphamvu amapirira, koma wofooka kale amatopa, ndipo mtima wake umachedwa kubwerera m'malo kupweteka kukadutsa. Choncho azamba amamvetsera kupweteka kukangotha, mphindi 30 zilizonse kapena pafupipafupi kuposa apo njira ikamatseguka, ndiponso mphindi 5 zilizonse mayi akayamba kukankha. Nsupa ikasweka amayang'ananso mtundu wa madzi. Madzi abwino amakhala oyera kapena otuwirako pang'ono. Akakhala obiriwira kapena a bii, ndiye kuti mwana wachita chimbudzi ali m'mimba. Izi zimachitika nthawi zina kwa mwana amene wangopitirira masiku, koma zingasonyezenso kuti mwana wabanika, ndipo chimbudzicho chikalowa m'mapapo ake chimam'vutitsa kupuma akabadwa. Madzi onunkha amasonyeza kuti tizilombo talowa, ndipo madzi osakanikirana ndi magazi angatanthauze kuti nsengwa yayamba kumatuka.

Nyumba yopumira amayi

Mu 1882 a Pinard anasankhidwa kukhala mmodzi wa madokotala oyang'anira uchembere m'zipatala za mzinda wa Paris. Mu 1889 anakhala pulofesa, ndipo anatsogolera chipatala chophunzitsira cha Baudelocque mpaka pamene anapuma mu 1914. Mu 1892 analandiridwa m'bungwe lalikulu la madokotala la dzikolo, Académie de Médecine.

Amayi amene ankabwera ku Baudelocque ambiri anali osauka: ochapa zovala, osoka, antchito a m'nyumba ndi a m'mafakitale. Ankagwira ntchito ataimirira tsiku lonse mpaka tsiku limene matenda ayamba, chifukwa kujomba kunali kugona ndi njala. Mtsikana wantchito akadziwika kuti ali ndi pathupi ankachotsedwa n'kusowa kolowera. Mu 1892 mayi wina wachifundo, Marie Béquet de Vienne, anatsegula mu Paris nyumba yolandira amayi oyembekezera osowa pokhala, ndipo a Pinard anagwirizana naye pa ntchitoyi. M'nyumbayo amayi ankapeza pogona, chakudya ndi mpumulo, komanso ankayezedwa ndi dokotala podikira tsiku lawo.

A Pinard anali munthu wokonda kulemba zimene waona. Anayerekezera kulemera kwa ana obadwa kwa amayi amene anagwira ntchito mpaka tsiku lomaliza ndi kwa amayi amene anapumako masiku angapo asanachire. Mu November 1895 anakapereka zotsatira zake ku Académie de Médecine. Ana a amayi opumawo ankabadwa olemera kuposa anzawo ndi magalamu pafupifupi 300, ndipo pathupi pawo pankafika masiku okwanira kawirikawiri. Mawu amene anawagwiritsa ntchito m'Chifalansa, puériculture, amatanthauza kulera ana mwaluso monga momwe mlimi amasamalira mbewu. Iwo ankati kuleraku kuyambire m'mimba.

Umboni umenewu anapita nawo kwa opanga malamulo, ndipo pamodzi ndi ena anaumirira kwa zaka zambiri. Mu 1909 dziko la France linakhazikitsa lamulo lolola mayi kupuma masabata 8 pa nthawi yochira popanda kuchotsedwa ntchito, ngakhale kuti sankalipidwa. Mu 1913 kunabwera lamulo lina, lodziwika ndi dzina la Paul Strauss, lolamula kuti mayi apume masabata 4 atachira ndipo wosauka alandire kangachepe kom'thandiza. Zaka zomwezo mnzawo Pierre Budin, amenenso anaphunzira kwa a Tarnier, anayambitsa mu 1892 dongosolo loti amayi azibwera ndi makanda awo kudzayezedwa kulemera ndi kulangizidwa za kuyamwitsa. Ku Edinburgh, John William Ballantyne anapempha mu 1901 kuti zipatala zikhale ndi malo a amayi amene sanachire. Masikelo awiri amene timawadziwa kwathu kuno, ya amayi oyembekezera ndi ya ana, mizu yake ili mwa anthu amenewa.

Owerenga a mumpingo mwathu angakondwe kuona kuti buku la Ellen White la The Ministry of Healing, limene linatuluka mu 1905, lili ndi mutu wonena za mayi, ndipo mmenemo muli chenjezo lofanana: mayi woyembekezera asalemedwe ndi ntchito yopitirira mphamvu zake, adye mokwanira, ndipo mwamuna wake am'peputse katundu. Anthu awiriwa anali m'mayiko osiyana ndipo ankayankhula kuchokera pa maziko osiyana, koma pa mfundo iyi anafika pamodzi.

Dokotala m'kalasi

Ife amene tikuphunzira uphunzitsi tili ndi chifukwa chapadera chowakumbukira. A Pinard anaona kuti makanda ambiri ankafa ndi matenda otsegula m'mimba chifukwa chopatsidwa mkaka wa ng'ombe wosawiritsa m'mabotolo osatsukidwa bwino, kapena chifukwa chotumizidwa kumidzi kukayamwitsidwa ndi amayi olipidwa. Iwo ankalimbikira kuti mwana aziyamwa bere la mayi ake. Anazindikiranso kuti kulangiza mayi atachira kale n'kuchedwa. Choncho pulofesa wotchukayu anakalowa m'kalasi ya pulayimale ku Paris n'kumaphunzitsa atsikana kasambitsidwe, kavekedwe ndi kadyetsedwe ka khanda m'mawu osavuta. Maphunzirowo anawasonkhanitsa m'kabuku kamene kanatuluka mu 1904 ndipo kanagwiritsidwa ntchito m'masukulu. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, mu 1920, anatsogolera kukhazikitsidwa kwa sukulu ya kaleredwe ka ana pansi pa sukulu ya udokotala ya ku Paris, ndi thandizo lochokera ku America.

Mu 1919, ali ndi zaka 75, anasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo woimira mbali ina ya Paris, ndipo anakhala phungu mpaka 1928. Kumenekonso nkhani zawo zinali za amayi ndi ana.

Mbali yosakondweretsa

Mbiri yawo ili ndi banga limene sitiyenera kulibisa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ku Ulaya ndi ku America kunafala ganizo lotchedwa eugenics, lakuti mtundu wa anthu ungakonzedwe posankha amene ayenera kubereka. Bungwe la ganizoli litakhazikitsidwa ku France mu 1912, a Pinard anali mmodzi wa atsogoleri ake. Iwo ankakhulupirira kuti thanzi la makolo pa nthawi yotenga pathupi limaumba mwanayo, ndipo ankatchula makamaka uchidakwa, chindoko ndi chifuwa chachikulu. Mu 1926 anabweretsa m'nyumba ya malamulo bilu yofuna kuti mwamuna aziyamba wayezedwa ndi dokotala asanaloledwe kukwatira. Biluyo sinadutse nthawi imeneyo.

Zina mwa zimene ankaopazo n'zoona. Chindoko chimapha ana m'mimba, ndipo n'chifukwa chake mayi amayezedwa magazi pa ulendo woyamba wa kusikelo, ndipo akapezeka nacho mwamuna wakenso amafunika kulandira mankhwala. Mowa nawonso umawononga ubongo wa mwana wosabadwa. Koma ganizo loyesa anthu ngati mbewu zoti zina zisungidwe zina zitayidwe linafika poipa kwambiri m'mayiko ena, kumene anthu olumala ndi odwala misala anatsekedwa kubereka mokakamiza, ndipo ku Germany ambiri anaphedwa. Njira ya a Pinard inali ya kuphunzitsa ndi kusamala amayi, koma anali nawo m'gulu limene linkayeza mtengo wa mwana poona phindu lake ku dziko. Mkhristu amakhulupirira kuti mwana wobadwa wolumala ndi wobadwa wamphamvu onse analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo mtima wa aliyense wa iwo ndi woyenera kumvetseredwa mofanana.

Palinso njira zina zimene anazilimbikitsa zomwe zinasiyidwa. Kuyambira 1892 anabwezeretsa opaleshoni yodula polumikizira mafupa a kutsogolo kwa chiuno kuti njira ikule. Nthawi imeneyo kung'amba mimba kunkapha amayi ambiri, choncho njirayi inapulumutsa ana ena. Opaleshoni yotulutsa mwana pamimba itayamba kuyenda bwino, njira ija inatsala yogwiritsidwa ntchito mwa apo ndi apo.

Zimene zinadza pambuyo pawo

A Pinard anabwerera kwawo ku Méry-sur-Seine, kumene anamwalira pa 1 March 1934 ali ndi zaka 90. Mpando wawo ku Baudelocque unatengedwa ndi wophunzira wawo, amenenso anali mkamwini wawo, Alexandre Couvelaire. Ku Paris kuli msewu wotchedwa dzina lawo, ndipo chipatala chachikulu cha amayi cha mumzinda wa Nancy chinapatsidwanso dzinalo.

Ntchito yomvetsera mwana inapitirira. Mu 1958 Ian Donald ndi anzake ku Glasgow anasonyeza kuti makina ounikira m'mimba, amene lero timati sikani, angathe kuonetsa za m'kati mwa thupi popanda kung'amba. Ndi sikani dokotala amayeza kuchuluka kwa madzi, amaona pamene pali nsengwa ndipo amawerenga masabata a pathupi molondola. Kunabweranso kachipangizo ka batire kotchedwa Doppler, kamene kamakweza kugunda kwa mtima wa mwana kuti mayi nayenso adzimvere. Mu 1972 Hugh Philpott, akugwira ntchito ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, anakonza pepala lotsatira mmene matenda akuyendera, lotchedwa patogirafu, pofuna kuthandiza azamba a zipatala zing'onozing'ono kudziwa nthawi yotumiza mayi kuchipatala chachikulu. Pamwamba pa pepalali azamba amalemba kugunda kwa mtima wa mwana ndi mtundu wa madzi. Mu 2016 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti mayi azionana ndi azaumoyo maulendo osachepera 8 pa pathupi pamodzi, ndiponso aunikidwe ndi sikani kamodzi asanakwane masabata 24. Zonsezi sizinachotse kalipenga kaja pa ntchito. Kumene batire latha kapena makina awonongeka, khutu la azamba ndi limene limatsala.

Uthenga wawo ku Simlemba

Dera la mfumu yaikulu Simlemba, kumpoto kwa Kasungu, ndi la fodya, ndipo ntchito ya fodya siona kuti mayi ali ndi pathupi pa miyezi ingati. Kuthirira nazale kumayamba dzuwa likuswa mtengo. Mvula ikagwa pamabwera kuwokera, kupalira ndi kubandira, kenako kuthyola, kusenza mitolo kupita kuchigafa, kusoka, kusankha ndi kudinda. Mayi amene akuyembekezera kuchira mu March amapezeka kuti miyezi yake yomaliza yagwera pakati pa kuthyola, imenenso ndi nthawi ya njala ndi ya malungo. Masamba onyowa a fodya amalowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu, ndipo wothyola amatha kuchita chizungulire ndi nseru. Mayi woyembekezera sayenera kugwira masamba otere. Amayi ochapa zovala a ku Paris amene a Pinard ankayeza ana awo akanam'mvetsa bwino mayi wa pachigafa.

Lamulo la ntchito la dziko lathu, la chaka cha 2000, limapatsa mayi wolembedwa ntchito tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Koma mayi amene amalima munda wa banja lake alibe bwana woti am'patse tchuthi. Amene angam'pumitse ndi mwamuna wake, apongozi ake, alamu ake ndi anzake a mumpingo. Amayi a Dorika akamaganiza za anthu oti awathandize, mayi wa miyezi isanu ndi itatu amene akusenzabe madzi ndi nkhuni ayenera kukhala pa mndandandawo, ndipo achinyamata angathe kum'thyolera fodya kapena kum'palirira chimanga tsiku Loyamba la sabata.

Nyumba yopumira ija ya ku Paris ili ndi m'bale wake kwathu kuno, ndiyo chidikiro. Pachipatala cha boma cha Kasungu panamangidwa mu 2015 nyumba zodikiriramo amayi ochokera kutali. Cholinga chake n'chakuti mayi amene azamba amuona kuti angakumane ndi vuto, monga wa mapasa, wa mwana wopingasa, wa madzi ochuluka kapena ochepa, kapena amene anachirapo kudzera ku opaleshoni, akhale pafupi ndi fiyeta matenda asanayambe. Amene anayendapo misewu yafumbi ya kumpoto kwa Kasungu nthawi ya dzinja akudziwa chimene chimachitika matenda akayamba usiku mvula ikugwa. Banja likauzidwa kuti mayi apite kuchidikiro, ufa, ndiwo ndi wom'dikirira zikonzedwe msanga, ngakhale fodya ali pakati pa kuthyoledwa.

Pakati pa ulendo wina wa kusikelo ndi unzake, amene amamva mwana ndi mayi mwini. Kuyambira cha m'mwezi wachisanu amayamba kumva kugunda ndi kutembenuka, ndipo posachedwa amazolowera nthawi zimene mwana wake amasewera. Mwana wathanzi sasiya kusewera chifukwa choti masiku ayandikira. Akachepetsa kapena kusiyiratu, mayi apite kuchipatala tsiku lomwelo, asadikire tsiku la sikelo. Achitenso chimodzimodzi madzi akayamba kutuluka matenda asanayambe, ngakhale akungodontha, chifukwa nsupa ikabooka tizilombo timapeza njira ndipo mchombo ungathe kutsogola. Kutaya magazi, kutentha thupi, mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi ndi kutupa nkhope kapena manja ndi zizindikiro zinanso zosafunika kugona nazo. Mankhwala a zitsamba ofulumizitsa matenda amakungitsa chiberekero mopanda kupumira, mwana n'kusowa mpata wolandira mpweya, ndipo nthawi zina chiberekero chimang'ambika.

Ambiri a ife tidzatumizidwa kukaphunzitsa kumadera onga Simlemba, kumene mphunzitsi amafunsidwa nzeru pa nkhani zambiri zoposa za m'kalasi. Ophunzira athu, atsikana ndi anyamata omwe, adzakhala makolo zaka zochepa atachoka m'manja mwathu. Mnyamata amene anamva m'kalasi chifukwa chake madzi obiriwira ali oopsa sadzazengereza kufuna njinga yamoto usiku mkazi wake akadzamuuza zimene waona.